Vinyo woyera wa ku Germany: mabanja omwe anasiya feteleza n'kubwerera ku khasu

Sabata ino ndikutengerani kutali, ku dziko la Germany, komwe kuli achikumbe olima mbewu yomwe ambiri a ife timangoimva kutchalitchi, mbewu ya mphesa. Chandiyambitsa nkhaniyi ndi botolo. Mlamu wanga yemwe amagwira ntchito kumeneko atabwera kudzaona abale, ananditengera botolo limodzi la vinyo woyera, lalitali, lowonda khosi. Ine za kalawidwe ka vinyo sindizidziwa kwenikweni. Chomwe chinandigwira mtima ndi pepala lomwe anamata pabotolopo. Panali dzina la banja lomwe linalima mphesazo, dzina la mudzi wawo, dzina la munda weniweniwo, mtundu wa mphesa ndiponso chaka chomwe anathyola. Kumbuyo kwake kunali kachizindikiro kobiriwira kooneka ngati tsamba, kojambulidwa ndi nyenyezi zoyera.

Alamuwo anandiuza kuti katsamba kameneka kakutanthauza kuti mphesazo zinalimidwa popanda feteleza wa m'fakitale, popanda mankhwala ophera udzu ndiponso popanda mankhwala amakono ophera tizilombo. Ajeremani ulimi wotere amautcha Bio kapena Öko. Monga mlimi, funso langa linali limodzi: kodi munthu wolima motere amataya chiyani, nanga amapeza chiyani? Zomwe ndapeza ndi izi.

Mphesa m'dziko lozizira

Dziko la Germany lili ndi minda ya mphesa yokwana mahekitala pafupifupi 103,000 m'zigawo 13. Magawo awiri mwa magawo atatu a minda imeneyi ndi a mphesa zopangira vinyo woyera. Mtundu womwe amaunyadira kwambiri ndi Riesling, womwe umalimidwa pa mahekitala pafupifupi 24,000, ndipo palibe dziko lina lomwe limalima Riesling wambiri kuposa Germany. Dzina la mtunduwu linalembedwa kale m'chaka cha 1435 m'buku la ndalama la mfumu ina ku Rüsselsheim. Palinso mitundu ina monga Silvaner, Weissburgunder, Grauburgunder ndi Müller-Thurgau.

Mpesa umakonda dzuwa, koma Germany ndi dziko lozizira, la chilimwe chachifupi. Pofuna kuthana ndi vutoli, makolo awo anabzala mipesa m'mapiri a m'mbali mwa mitsinje monga Rhine, Mosel, Nahe ndi Main, makamaka kumbali yoyang'ana kummwera chifukwa kumeneko dzuwa limadutsa chakummwera. M'chigwa cha Mosel, komwe Aroma anali kulima kale mphesa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, nthaka yake ndi yodzaza ndi mwala wa sileti, uja akuluakulu ankalembapo kusukulu. Mwalawu umatentha masana n'kumatulutsa kutenthako usiku, motero mphesa zimapsa bwino. Minda ina ndi yotsetsereka moopsa. Pamudzi wa Bremm pali phiri lotchedwa Calmont lomwe malo ena kutsetsereka kwake kumaposa madigiri 60. Thirakitala singakwere pamalo otere. Chilichonse ndi chamanja, ndipo katundu amakwezedwa ndi kangolo kainjini koyenda pa njanji imodzi.

Munda wa banja

Tikati esiteti, ambiri timaganiza za munda waukulu wa fodya kapena tiyi, wa matenanti ndi akapitawo. Munda wa banja wa ku Germany, womwe iwo amautcha Weingut, ndi wosiyana. Nthawi zambiri ndi wa mahekitala khumi, makumi awiri kapena kuposerapo pang'ono, omwazikana m'tizigawo ting'onoting'ono kuzungulira mudzi. Mwini munda ndi yemwe amadulira mipesa, kuyendetsa thirakitala ndi kufulula vinyo m'chipinda cha pansi pa nyumba yake. Mayi, ana ndi agogo onse amakhala ndi mbali yawo, wina kumunda, wina ku mabuku a ndalama, wina kulandira ogula. Nthawi yothyola amalemba aganyu, ambiri ochokera ku Romania ndi Poland.

Mlimi wa mphesa kumeneko ali ndi njira zitatu zogulitsira. Atha kupereka mphesa zake ku kopaletivi. Atha kufulula vinyo n'kumugulitsa wa m'migolo kwa makampani akuluakulu omwe amakamusakaniza ndi wa alimi ena, pa mtengo womwe makampaniwo anena. Kapena atha kuthira yekha m'mabotolo n'kulembapo dzina lake. Mabanja omwe ndikukamba pano ndi a njira yachitatuyi.

Ena mwa iwo akhala pa nthaka imodzimodzi kwa zaka mazanamazana. Banja la Wittmann la m'mudzi wa Westhofen, m'chigawo cha Rheinhessen, lakhala likulima mphesa kuyambira 1663, ndipo linalowa ulimi wa Bio mu 1990. Munda wa Dr. Bürklin-Wolf ku Wachenheim, m'chigawo cha Pfalz, mbiri yake inayamba mu 1597. Ku Pünderich, m'mbali mwa Mosel, munda wa Clemens Busch unasiya mankhwala a m'fakitale m'zaka za m'ma 1980. Mpesa umayamba kubereka chaka chachitatu, ndipo umatha kukhala zaka makumi atatu kapena kuposa. Munthu akamabzala amadziwa kuti mbali ina ya zipatsozo adzathyola ndi mwana wake. Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse.

Chomwe chinawabweza

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, alimi a mphesa ku Germany analandira feteleza, mankhwala ophera udzu ndi mathirakitala ndi manja awiri, ndipo sitingawanene chifukwa zinthuzi zinapeputsa ntchito yothyola msana. Munda wabwino masiku amenewo unali wopanda kaudzu ngakhale kamodzi. Zokolola zinachulukadi. Koma nthaka yosiyidwa pambalambanda pamalo otsetsereka inayamba kukokoloka mvula ikagwa, mateyala a thirakitala anaigangata, ndipo chonde chake chinayamba kuchepa.

Nawo msika unaonongeka. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 Germany inatchuka kunja ndi vinyo wotsekemera wotsika mtengo wotchedwa Liebfraumilch, kotero kuti ogula anayamba kuganiza kuti vinyo yense wa m'dzikolo ndi wachabechabe. Kenaka mu 1985 kunabuka nkhani yochititsa manyazi. Zinadziwika kuti anthu ena a malonda ku Austria ankathira mu vinyo mankhwala oopsa otchedwa diethylene glycol pofuna kuti azimveka wotsekemera, ndipo vinyo wina wotereyu anapezeka atasakanizidwa m'mabotolo a ku Germany. Alimi osalakwa anavutika limodzi ndi akathyali chifukwa ogula anasiya kukhulupirira aliyense.

Chaka chomwecho cha 1985, alimi ochepa omwe anali atayamba kale kulima mopanda mankhwala a m'fakitale anakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa ECOVIN, lomwe likulu lake lili ku Oppenheim. Njira inali itapondedwa kale ndi banja la Sander la ku Mettenheim, lomwe linayamba ulimi woterewu m'zaka za m'ma 1950. Poyamba anthuwa anali owerengeka, koma pofika zaka za m'ma 2020 minda ya Bio inali itaposa gawo limodzi mwa magawo khumi a minda yonse ya mphesa m'dzikolo, ndipo ena mwa mabanja otchuka kwambiri pa vinyo woyera ali m'gulu limeneli.

Lamulo la katsamba

Katsamba kaja munthu samangodzimatira yekha. Maiko a m'bungwe la European Union anakhazikitsa lamulo la ulimi wa Bio mu 1991, ndipo la kafululidwe ka vinyo wa Bio linabwera mu 2012. Mlimi wa mphesa yemwe akufuna kulowa ulimiwu amayenera kutsatira malamulo onse kwa zaka zitatu asanaloledwe kuika chizindikirocho. M'zaka zitatu zimenezi amasenza ntchito yonse ya Bio koma vinyo wake sanayambe kutchedwa wa Bio. Akavomerezedwa, oyendera minda amabwera kosachepera kamodzi pachaka kudzaona munda, mosungira mankhwala, malisiti ndi buku lomwe amalembamo chilichonse chomwe wapopera. Nambala ya bungwe loyenderalo imalembedwa pabotolo. Mabungwe a alimi monga ECOVIN, Bioland, Naturland ndi Demeter ali ndi malamulo awo oonjezera pamwamba pa a boma.

Zomwe amachita m'munda

Chinthu choyamba chomwe munthu amaona m'munda wa Bio ndi msipu pakati pa mizere ya mipesa. Amafesa dala mbewu zosakaniza, zina za mtundu wa nyemba zomwe zimaonjezera chonde m'nthaka, zina za mizu yozama zomwe zimaphwanya nthaka yolimba, zina za maluwa zomwe zimaitana tizilombo todya tizilombo tinzawo. Msipuwo ukakula amaugwetsa kapena kuutchetcha n'kuusiya pomwepo kuti uphimbe nthaka. Mizu yake ndi yomwe imagwira dothi pamtsetse. Komabe msipu uli ndi vuto lake. Chaka chouma umalimbirana madzi ndi mpesa, choncho mlimi amayenera kudziwa nthawi yougwetsa, ndipo ena amafesa mzere umodzi n'kudumpha wina.

M'malo mwa feteleza amathira kompositi wopangidwa ndi ndowe, udzu ndi makoko a mphesa otsala pofinya. Udzu wa patsinde pa mpesa, womwe anzawo amaupha ndi mankhwala tsiku limodzi, iwo amauchotsa ndi kakhasu komangirira ku thirakitala, ndipo pamalo otsetsereka amapalira ndi khasu lamanja ngati momwe tichitira ife. Polimbana ndi agulugufe omwe mbozi zawo zimaboola mphesa, amapachika m'munda timapulasitiki totulutsa fungo la gulugufe wamkazi. Fungolo likadzaza munda wonse, amuna amasokonezeka osapeza akazi, ndipo mbozi zimachepa popanda kupopera chiphe.

Ena amapitirira apa n'kulowa ulimi wotchedwa biodynamic, womwe unachokera m'maphunziro a Rudolf Steiner a mu 1924. Iwowa amalonga ndowe za ng'ombe m'nyanga n'kuzikwirira nyengo yonse yachisanu, kenaka amazisungunula m'madzi ambiri n'kuwaza m'munda, ndipo ntchito zina amazigwira potsata mwezi. Munda wa Dr. Bürklin-Wolf unalowa wonse m'njira imeneyi mu 2005. Akatswiri a sayansi ambiri amakayika ngati nyangazo zimagwiradi ntchito, koma chomwe ine ndikuona n'choti mlimi wotsata njirayi sapita tsiku osaponda m'munda mwake.

Mdani wamkulu

Tsopano ndifike pomwe pali chiopsezo. Mpesa wa ku Ulaya uli ndi adani atatu omwe anachokera ku America m'zaka za m'ma 1800. Woyamba ndi kachilombo kodya mizu kotchedwa phylloxera, komwe anakagonjetsa pokwatitsa mipesa yawo pa zitsa za mipesa ya ku America, monga momwe timakwatitsira mango ndi malalanje. Wachiwiri ndi nthenda ya Oidium yomwe imaoneka ngati phulusa pamasamba ndi pazipatso. Imeneyi alimi a Bio amaipopera sulufule ndi soda. Wachitatu, woopsa kwambiri, ndi nthenda yomwe Ajeremani amaitcha Peronospora, yomwe inafika ku Ulaya mu 1878. Olima tomato ndi mbatata ya kachewere muimvetsa msanga chifukwa ndi pachibale ndi chiwawu chomwe chimakuvutitsani nthawi ya dzinja. Imakonda mvula ndi kutentha. Masamba amayamba mawanga ngati a mafuta, pansi pake pamamera nkhungu yoyera, ndipo ikagwira nthawi ya maluwa m'mwezi wa Juni, tsango lonse limauma.

Mlimi wamba ali ndi mankhwala omwe amalowa m'kati mwa tsamba, omwe mvula siingawatsuke. Mlimi wa Bio chida chake chenicheni ndi kopa, yemweyo timapopera tomato, yemwe mphamvu yake pa nthendayi inadziwika ku France m'zaka za m'ma 1880. Kopa amangokhala pamwamba pa tsamba. Ayenera kufikapo nthenda isanafike, mvula yamphamvu imamutsuka, ndipo tsamba latsopano lomwe laphuka dzulo lilibe chitetezo. Kuonjezera apo kopa samaola. Amaunjikana m'nthaka chaka ndi chaka, ndipo akachuluka amaononga nyongolotsi ndi tamoyo tina ta m'dothi, tomwe mlimi wa Bio akuti akuteteza. Pachifukwa ichi ku Germany muyezo wake nthawi zambiri ndi makilogalamu atatu okha a kopa pa hekitala pachaka. Mlimi amayenera kugawa kakopa kameneka pang'onopang'ono kuti kamukwanire kupopera kakhumi kapena kuposa, maso ali kumitambo.

Chaka cha 2016 chinaonetsa poyera kulemera kwa mtolo umenewu. M'miyezi ya Meyi ndi Juni mvula inagwa mosalekeza m'zigawo zambiri za mphesa. Minda inali matope okhaokha kotero kuti masiku ena thirakitala inalephera kulowa pa nthawi yomwe kupopera kunali kofunika kwambiri. Mankhwala ena otchedwa potassium phosphonate, omwe alimi a Bio a ku Germany ankadalira zaka za mvula, anali atachoka pa mndandanda wa zololedwa kwa iwo kuchokera mu 2013. Alimi ambiri a Bio anataya gawo lalikulu la zokolola, ndipo m'minda ina munalibe chothyola. Taganizani munthu ataima m'munda mwake, akuona mphesa zikuuma, pamene mnzake wa m'malire wapopera mankhwala amakono ndipo zake zili bwinoko. Mankhwalawo ali m'sitolo, ndalama yogulira ali nayo. Koma akangopopera, vinyo wa m'munda umenewo sangagulitsidwe ndi katsamba kaja, ndipo mawu omwe analonjeza ogula ake aphwanyika. Akulu anati walira mvula walira matope. Chaka cha 2021 chinabweranso ndi mvula yambiri ndi nthenda yomweyo.

Njira ina yomwe ikuyesedwa ndi mitundu yatsopano ya mphesa yopirira ku nthendazi, yomwe amaitcha PIWI. Mwa yoyera pali Johanniter, Solaris ndi Souvignier Gris, yomwe inapangidwa kumalo a kafukufuku a boma ku Freiburg. Mitunduyi imafuna kupopera kochepa kwambiri. Vuto lake ndi msika, pakuti wogula anazolowera dzina la Riesling, ndipo mlimi yemwe wazula Riesling kuti abzale mtundu watsopano amadikira zaka zitatu asanathyole kanthu.

Kuchokera kumunda kufika m'botolo

Kuthyola kumachitika m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala. Mabanja ofuna vinyo wapamwamba amathyola ndi manja, kusankha matsango akupsa ndi kutaya oola, ndipo nthawi zina amabwerera m'munda umodzi kawiri kapena katatu. Vinyo woyera amapangidwa pofinya mphesa msanga n'kulekanitsa madzi ake ndi makoko. Madziwo amawasiya kuti zinyalala zikhale pansi, kenaka amawathira m'mathanki achitsulo kapena m'migolo yamatabwa. Mgolo wachikhalidwe wa ku Mosel, wotchedwa Fuder, umalowa malita 1,000, pamene wa m'mbali mwa Rhine, wotchedwa Stück, umalowa malita 1,200. M'menemo yisiti imasandutsa shuga wa mphesa kukhala mowa. Mabanja ambiri a Bio sagula yisiti, amasiya kuti yachilengedwe yomwe ili pa mphesa ndi m'chipindamo igwire ntchito, ngakhale kuti imachedwa ndipo imatha kutenga miyezi.

Pofuna kuti vinyo asasase m'botolo, pafupifupi onse ofulula amathiramo sulufule pang'ono. Lamulo limalola mamiligalamu 200 pa lita mu vinyo woyera wosatsekemera, koma wa Bio wa mtundu womwewo malire ake ndi otsikirapo. Mawu oti trocken pabotolo amatanthauza vinyo wosatsekemera, pamene Kabinett, Spätlese ndi Auslese amasonyeza kuchuluka kwa shuga yemwe anali m'mphesa pa tsiku lothyola. Botolo limodzi limadya mphesa pafupifupi kilogalamu imodzi.

Kodi zimapindulitsa?

Tiwerengere limodzi. Mlimi wa Bio amagwira ntchito yambiri, amalowa m'munda kawirikawiri, amalipira oyendera minda, ndipo kawirikawiri amakolola zochepa kusiyana ndi mnzake. Ngati atagulitsa vinyo wake wa m'migolo kwa makampani, mtengo womwe angalandire sungabweze zonsezi. Chomwe chimamupulumutsa ndi dzina lake pabotolo. Ogula amabwera pakhomo, amalawa, amaona munda, amagula makatoni, ndipo chaka chamawa amabweranso. Ena amagulitsa ku malo odyera ndi kumaiko akunja. M'madera ambiri lamulo limalolanso mlimi kutsegula kamalo komwera vinyo wake pakhomo pake kwa miyezi inayi pachaka, ndipo chizindikiro chake ndi nkhata ya masamba kapena tsache lopachikidwa pachipata.

Sikuti zonse zili bwino ayi. Ajeremani akumwa vinyo wochepa kusiyana ndi kale, malipiro a aganyu akwera, ndipo nyengo yasintha: zaka zina kukuuma kwambiri, zina mvula ikuchuluka, ndipo mu Epulo 2024 chisanu chochedwa chinatentha mphukira m'zigawo zingapo. Ku Mosel, komwe hekitala ya pamtsetse imafuna ntchito yochuluka kangapo kuposa ya pachidikha, minda yatsika kuchoka pa mahekitala oposa 12,000 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kufika pa osakwana 9,000. Pomwe ana akana kulowa m'malo mwa makolo, minda yasanduka tchire.

Choncho yankho la funso langa lija ndi ili. Mlimi wa Bio wa ku Germany amataya mpumulo chaka chilichonse, ndipo chaka cha mvula yambiri amatha kutaya zokolola. Chomwe amapeza ndi nthaka yomwe siikukokoloka ndiponso ogula omwe amakhulupirira mawu ake. Kwa munthu wobwereka munda wa chaka chimodzi malonda amenewa ndi oluza. Kwa banja lomwe lakhala pa phiri limodzi kuyambira 1663, ndipo likufuna kuti mdzukulu adzapezepo dothi lobzalapo mpesa, masamu ake amatuluka mwina.

Botolo lija tinamwa ndi alamu tsiku lotsanzikana. Vinyoyo anali wowawasa pang'ono, wonunkhira ngati zipatso, ndipo akazi anga anati akadakonda wotsekemera. Botolo lopanda kanthulo ndaliika pawindo, dzina la banja lija likuoneka bwinobwino.